Mzere Wopendama wa Bambo

"Ili si tsiku," anatero amayi, akukankha pepala ndi dzanja lawo labwinolo. "Chotsa."

Chisamba, mwana wawo woyamba, anabweza pepalalo n'kuyang'ana abale ake awiri ndi nkhope ya munthu amene mlandu wamukomera. Anali atavala tayi, ngakhale kuti kuofesi anali atamupatsa tchuthi cha maliro. Chisamba ndi munthu woti angavale tayi popita kokataya zinyalala.

"Mwamva nokha," anatero motsitsa mawu, ngati kuti amayi sali pomwepo pa chikuku chawo. "Pepala lalembedwa bwinobwino, Lolemba mpaka Lamlungu, koma akuti si tsiku. Ndiye inu mukuti mutu ukugwira?"

"Ukugwira kuposa wa anthu ena," anatero Mzime, womaliza kubadwa, akutsuka makapu pa sinki.

"Wati bwanji?"

"Ndati sopo watha, achimwene."

Bambo anali ataikidwa m'manda sabata yathayo. Anthu odzapepesa anali atabalalika, mipando yobwereka itabwerera kwa eni ake, ndipo nyumba inayamba kupuma. Kunena zoona ana onse atatu anamva kupepuka pamene mlendo womaliza anatseka geti, kungoti palibe amene akanayerekeza kunena. Koma alendo atapita, funso limene linabisala m'chipwirikitimo linatsala poyera pakati pa khitchini: amayi awasamala ndani?

Amayi anadwala sitiroko zaka zingapo zapitazo. Mbali yakumanzere inafa, mawu ambiri anawathawa, ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo unali pa chikuku chimene bambo ankakankha. Bambo, amene ntchito yawo yonse inali yogawira madalaivala a basi nthawi zogwirira ntchito, anayendetsa matendawo monga momwe ankayendetsera mabasi. Kumapeto kwa sabata iliyonse ankakhala pa kompyuta yawo yakale, n'kutsegula pulogalamu yolembera m'timabokosi, n'kukonza ndandanda ya amene adzakhale ndi amayi. Bokosi la tsiku lililonse ankalidula ndi mzere wopendama kuchokera pakona kufika pakona ina. Pamwamba pa mzere m'mawa, pansi pake masana. Kenako ankapulinta n'kumata pa firiji, ndipo chinthu choyamba chimene amayi ankachita akadzuka chinali kupita kukaona kuti lero kubwera ndani.

Mayina a ana ankapezeka mwa apo ndi apo. Malo ambiri bambo ankalemba "Ine". Tsiku limene anali okha kuyambira m'mawa mpaka madzulo ankalidulabe pakati, n'kulemba "Ine" pamwamba, "Inenso" pansi. Ana ankaseka, bambo osasintha.

Tsopano pepala lomaliza la bambo linali litatha ntchito. Kompyuta yawo nayo inafa imfa yake: pofuna kupezera malo odzapepesa, anthu ena a mtima wabwino anainyamula kupita nayo kuseri, inawapulumuka pa sitepe, ndipo chiyambire ikangoyatsidwa imalira ngati mwana wa mphaka kenako n'kuzima. N'chifukwa chake Chisamba anakonza ndandanda yatsopano pa laputopu yake, yaukhondo, ya mabokosi akuluakulu, dzina limodzi pa bokosi. Mabokosi ambiri anali opanda kanthu, ndipo iye analikonza pepalalo kuti anthu aone zimenezo.

"Tiyeni tikambe ngati akulu," anatero, akukhala pa tebulo. "Iwe Wapakati, ungapereke tsiku liti?"

Wapakati, mlongo wake, anali mphunzitsi. Anayang'ana mabokosi aja. "Tsiku lonse lathunthu? Ana a sukulu ndiwasiyira ndani? Mwina Loweruka."

"Loweruka ndalemba kale dzina langa. Iwe Mzime?"

"Ine ndimagona muno, usiku wonse ndi wanga. Koma ndikatseka shopu tsiku lonse, makasitomala akametetsa kwa mnzanga wa patsidya pa msewu, ndipo mutu ukapita kumeneko subweranso."

"Mwaona? Ine sindikukakamiza munthu. Mabokosi akunena okha." Chisamba anatulutsa foni n'kuiika pa tebulo. "Ku nyumba yosamalira okalamba ija malo apezeka. Ndi pabwino, ndakaona ndekha, pali anamwino, pali kapinga. Akufuna yankho lero asanaweruke, apo ayi malowo apatsa wina."

Amayi anali akuyang'ana pa windo, kumene mapeyala a mtengo umene anadzala ndi bambo ankalendewera pamwamba pa chingwe choyanikira zovala. Wapakati anaona chala chawo chikukanda mkono wa chikuku, ndipo anadziwa kuti amva zonse. M'nyumba imeneyi amayi ankadziwa pamene pali chilichonse ngakhale dzina la chinthucho litawathawa. Kuwachotsamo kunali kuwalanda mawu otsalawo.

"Amayi sakupita kulikonse," anatero Wapakati.

"Ndiye dzaza mabokosiwa. Ukadzaza, foni iyi ndiimba ndekha kuwauza kuti zikomo."

Wapakati anadzuka, anapita pa firiji, anamatula pepala lakale la bambo n'kuliika pafupi ndi latsopanolo. Pomatula anagunda kapilo kakale kamene kanali kokanikizidwa pakati pa firiji ndi khoma, kanagwa pansi. Kanali kophwatalala, kakuda ndi litsiro, nsalu yake itayamba kuthetheka.

"Ichinso ndikataye," anatero Mzime, akukanyamula ndi zala ziwiri. "Chasiyidwa ndi alendo aja kapena?"

"Siya," anatero amayi.

"Amayi, chikununkha fumbi."

"Siya!"

Mzime anakabwezera pamalo pake, ndipo Chisamba anapukusa mutu ngati wapeza umboni wina.

Wapakati anayang'ana mapepala awiri aja kwa kanthawi, kenako anaseka, kuseka kwake koyamba chimwalirire bambo. "Achimwene, amayi akunena zoona. Lanuli si tsiku. Lilibe m'mawa, lilibe masana. Mwatipatsa thumba lonse kuti tisenze, pomwe bambo ankatipatsa theka. Ine masana ndimakhala nditaweruka. Uyu m'mawa amangokhala pa shopu kuthamangitsa ntchentche."

"Ntchentche zake zimalipira lendi," anatero Mzime, "koma ndi zoona, anthu sameta m'mawa."

"Dulani mabokosiwa ngati mmene ankachitira bambo, muone."

Chisamba anakoka laputopu. "Kamzere basi? Zimenezo ndi za mphindi imodzi."

Mphindi imodziyo inatalika. Chisamba ankagwira ntchito ndi timabokosi timeneti tsiku lililonse ku kampani ya inshuwalansi, ndipo ankadziwa kuwonkhetsa, kusanja ndi kupaka mitundu, koma mzere wopendama anali asanaufunepo. Anapeza mizere yoimirira, yogona, yokhuthala, ya madonthomadontho. Wopendama osaoneka. Kenako anajambula mzere wongosanjika pamwamba ndi chala, ngati munthu akuyala ndodo pa bokosi, n'kuukopera mabokosi onse. Zinaoneka bwino mpaka pamene anakulitsa mzera wa Lachitatu kuti mayina akwane. Ndodo zonse zija zinasokonekera, ina inakathera pakati pa Lachinayi, ina inalendewera kunja kwa sabata.

"Eee, mphepo yadutsa," anatero Mzime, ataima kumbuyo kwake.

"Choka kumbuyo kwanga."

"Bwanji tingopulinta, tijambule ndi rula?"

Anayesa zimenezo. Makina opulintira a bambo anali atapulumuka pa ngozi ya pa sitepe ija, ndipo anatulutsa pepala mosadandaula. Mzime anatenga rula ndi bolopeni n'kudula bokosi loyamba. Koma dzina la Wapakati, limene Chisamba analilemba pongoyesera, linali pakatikati pa bokosi, choncho mzere unadutsa pa dzinalo. Amayi atapatsidwa pepalalo analiyang'ana, nkhope yawo inagwa.

"Mwamufuta," anatero, akuloza Wapakati. "Walakwa chiyani?"

"Sitinamufute, amayi, ndi mzere chabe."

"Mwamufuta."

Chisamba anatsamira mpando n'kumasula tayi pang'ono, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri. Dzuwa linali litapendeka kale. Anayang'ana foni, anayang'ana laputopu. "Ine ndayesa. Kaya bambo ankachita matsenga anji."

"Khoswe," anatero amayi.

Onse atatu anayang'ana pansi. Mzime anafika pokweza phazi limodzi.

"Khoswe wa bambo ako. Bweretsa."

Wapakati ndiye anamvetsa. Bambo sankanena kuti mausi. Ankati chinthu cha mchira wautali chotero ndi khoswe basi, mayina enawo ndi ofuna kuchikometsa. Anathamangira kuseri, anafukula m'katoni momwe munali mtembo wa kompyuta ija, n'kubwera ndi khosweyo, wotuwa, wosalala pamene pankakhala chala cha bambo. Chisamba anamulumikiza ku laputopu mopanda chikhulupiriro.

Amayi anakankha gudumu la chikuku ndi dzanja limodzi, chikuku chinazungulira m'malo mopita kutsogolo, ndipo Mzime anawafikitsa pa tebulo, kumanja kwa Chisamba. Pamenepo mpamene ankakhala sabata iliyonse bambo akamakonza ndandanda. Bambo anali munthu wosatha kugwira ntchito chamumtima. Akamamanga nsapato ankauza nsapatoyo zimene akuichita. Zaka zonsezi ankanena mokweza chilichonse chimene akudina, mkazi wawo ali pambali, ndipo ana ankaganiza kuti amayi amangowodzera.

"Loza bokosi," anatero amayi. Mawu anatuluka mosadodoma, ndipo kamvekedwe kake kanali ka bambo. "Tsina khoswe khutu lakumanja."

Chisamba anadina kumanja. Panatuluka mndandanda wa mawu.

"Tsika. Tsika. Usathamange, si basi yomaliza. Pamenepo, pa zokonza bokosi."

Anadina. Panatseguka kawindo kokhala ndi timitu tingapo pamwamba.

"Pita ku malire."

Chisamba anapeza kamutu konena za malire a bokosi. Anali atalowamo kale kawiri masana omwewo, n'kutulukamo chimanjamanja.

"Pansi. Pa ngodya. Timabatani tiwiri tamanyazi."

Tinalipodi. Timabatani tiwiri ting'onoting'ono, kena kumanzere kena kumanja, tobisala m'makona a chithunzi cha bokosi, kalikonse kali ndi kamzere kopendama. Chisamba anadina kakumanja n'kuvomereza, ndipo mzere unagwa m'bokosi la Lolemba kuchokera pamwamba kutsikira kumanja. Mzime anawomba m'manja.

"Ayi," anatero amayi. "Wotsika ayi. Wotsika ndi wa anthu otopa. Wokwera."

"Amayi, mzere ndi mzere."

"Wokwera!"

Chisamba anabwerera, anachotsa wotsikawo, anadina kabatani kakumanzere. Mzere unanyamuka pakona yapansi kukwera kumanja, ndendende ngati wa pa pepala la bambo. Anakulitsa bokosilo dala kuti aone, ndipo mzerewo unatambasuka limodzi nalo, osasiya makona ake. Anaulimbitsa pa mabokosi onse a sabata nthawi imodzi. Amayi anapuma mpweya wautali n'kuika dzanja pa chifuwa.

"Tsiku," anatero.

Kulemba mayina awiri m'bokosi limodzi kunali ndi njira yakenso, ndipo amayi anali nayo. Lemba wa m'mawa. Gwira batani loyandikana ndi lalitali lija, usalisiye, menya lalikulu lotsitsira mzere. Kenako kankha wa masana ndi lalitalilo mpaka akafike pakona yake. Pofika apa amayi anayamba kugogoda mkono wa chikuku ndi chala, tha, tha, tha, monga ankagogodera bambo, ndipo Chisamba anadina motsatira mpaka chala cha amayi chinaima. Dzina linakhala bwinobwino pansi pa mzere, losakhudzidwa.

"Ndiye mumati mutu sukugwira," anatero Mzime.

Chisamba anasuntha khoswe kupita pa bokosi lotsatira. Maso ake anali pa laputopu.

Kudzaza kunayenda msanga kuposa mmene aliyense ankaganizira. Theka la tsiku ndi chinthu chimene munthu amapereka asanayambe kudandaula. Mzime anatenga m'mawa wa Lolemba mpaka Lachinayi, n'kunena kuti Lachisanu amusiye chifukwa ndi tsiku limene amuna amakumbukira kuti ali ndi ndevu. Wapakati anatenga masana ambiri. Anatuluka kukagogoda kwa aneba, mayi wopuma pa ntchito ya utelala amene dzina lake linkapezeka kale pa mapepala a bambo, ndipo anabwerako ndi m'mawa wa Lachisanu pamodzi ndi chidzudzulo chakuti bwanji anachedwa kufunsa. Chisamba anaimbira mkazi wake. Ankayembekezera nkhondo, koma anangomva kuti, "Lamlungu m'mawa ndipatseni ine, bola musandilembe Loweruka," ndipo anaiyang'ana foniyo ngati yamunamiza.

Loweruka analitenga yekha, m'mawa ndi masana omwe. Panatsala kakona kamodzi, Lachinayi masana, pamene Wapakati amakhala ndi msonkhano wa aphunzitsi.

"Ndikhoza kumathawa msonkhanowo," anatero Wapakati. "Palibe chanzeru chimakambidwa."

"Adzakuchotsa ntchito, kenako tizidzasamala anthu awiri," anatero Chisamba. Anazunguza khoswe pa tebulo. "Lachinayi masana ndimapita kukaona makasitomala. Makasitomala angathe kundiona Lachitatu."

Analemba, akugogoda batani lalitali lija yekha popanda womuwerengera. Atamaliza anakankha laputopu kuti ena aone, ndipo Wapakati anagwira pakamwa. Chisamba sanalembe dzina lake. Pa Lachinayi masana panali "Ine". Pa Loweruka panali "Ine" pamwamba, ndipo pansi pa mzere panali "Inenso".

"Sindinachite dala," anatero Chisamba. "Zala zangopita zokha. Ndifute."

Amayi anaweramira pa laputopu, anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Kenako anatembenuka kumuyang'ana mwana wawo kuyambira pa tayi mpaka pa chipumi.

"Ine wake ndi iweyo tsopano?"

"Ngati mungalole, amayi."

"Uzibwera pa nthawi."

Mzime anaseka mpaka anagwira sinki, Wapakati anaseka misozi ikutsika, ndipo Chisamba anabisa nkhope m'manja. Atachotsa manjawo ananena chinthu chimene abale ake sankayembekezera kumva kwa munthu wa tayi.

"Ndimaopa, anthu inu. Chimwalirire bambo sindikugona. Ndimaona ngati mabokosi onsewa mundisiyira ndekha poti ndine wamkulu, ndipo ndidzalephera, amayi adzagwa m'bafa ine ndili kuofesi. Malo aja sindimawafuna ayi. Ndinangosowa pogwira."

"Mukanangonena, achimwene," anatero Wapakati.

"Ndimanena. Kungoti ndimanena ndi mabokosi."

Anatenga foni n'kutuluka nayo pakhonde. Kudzera pa windo anamumva akuthokoza munthu mwaulemu wonse wa kuofesi, kuti malowo apatse wina amene akuwasowa, ife kuno takonza. Atabwerera anaoneka wopepuka ngati munthu amene wavula nsapato zothina. Tayi anali ataipinda n'kuiika m'thumba.

Makina anatulutsa pepala latsopano, lofunda, mizere yonse ikukwera. Chisamba analinyamula, anadula selotepi ndi mano, anaima pa firiji n'kulimata mowongoka bwino, pamene maso ake anafika. Anabwerera m'mbuyo kuti aone ngati lapendama.

Amayi anayendetsa chikuku mpaka pa firiji, anakweza mutu, khosi linakana. "Kumwambako awerenge ndani? Mbalame?"

Chisamba anayang'ana pepala lake, kenako anatsitsa maso. Pansi, cha m'chiuno mwake, pamene pamafika maso a munthu wokhala pa chikuku, chitseko cha firiji chinali ndi zipsera zinayi za selotepi, zokhuthala, zachikasu, zomatidwa pamwamba pa zinzake sabata ndi sabata. Anali atatsegula firiji imeneyi kosawerengeka osaziona. Bambo anali wamtali kuposa iye, ndipo zaka zomalizazi mawondo awo anali oti pokwera basi ankachita kukokedwa.

Anamatula pepala lija. Anayesa kuwerama, msana unamuletsa, pepala linapendama. Amayi anatambasula dzanja lawo labwinolo n'kuloza pakati pa firiji ndi khoma.

Chisamba anasolola kapilo kaja n'kukaika pansi. Pakati pake panali timaenje tiwiri toyandikana. Anakweza thalauza pang'ono, anagwira chitseko cha firiji, anatsika pang'onopang'ono, ndipo mawondo ake analowa m'timaenjemo ngati anachita kuyezedwa. Anayika makona a pepala pa zipsera zinayi zija, akusalaza selotepi ndi chala.

"Apa pali bwino, amayi?"

Amayi anasendera, anaika chala pa kakona ka mawa m'mawa, anawerenga dzina. Kenako dzanja lomwelo analiika pa phewa la mwana wawo n'kulisiya pomwepo, monga ankachitira sabata iliyonse podikira kuti wogwadayo apeze mphamvu zodzukira.